Chambiko cha M'mwendo wa Telala

Area 4, Lilongwe
14 Januwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Suhaila,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwa chifundo cha Allah. Amayi ako ali bwino, kungoti dzino lija layambanso. Mvula ikugwa mosalekeza, ndipo denga la khonde la a Abdulaziz, pomwe ndimasokera ku Area 2, likudontha pamwamba penipeni pa makina. Ndasunthira pafupi ndi ogulitsa mafoni, amene nyimbo zawo sizipatsa munthu mpata woganiza.

Usadabwe kuti ndikulemba kalata foni ilipo. Ukaimba ndili pakhonde, makasitomala amasiya nkhani zawo n'kutchera khutu. Ukaimba ndili kunyumba, amayi ako amati ndiike pa sipika. N'chifukwa chake pa foni ndimangoti tili bwino. A Goliati, oyendetsa thiraki aja ndinawasokera suti ya ukwati, avomera kumatinyamulira makalata popeza amafika kumeneko kawirikawiri.

Ndili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi iyi. Lachisanu titatuluka mumzikiti, a Mukhtar anandifunsa pagulu kuti, "Kodi mwana wanu wokhalitsa kusukuluyu akuphunzira chiyani kwenikweni?" Ndinati za thupi la munthu. Iwo anati, "Ndiye ndi dokotala?" Ndinati ayi, sapereka mankhwala. "Namwino?" Ayi. "Basi amangoliyang'ana thupilo?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma ndinafika kunyumba ndilibe chilakolako cha chakudya. Chonde undilembere m'Chichewa chimene umachita, mosathamanga, pokumbukira kuti bambo ako analekeza Sitandade 7.

Yachiwiri ndi yaing'ono. Mwendo wanga wamanzere ukundivuta. Popita kuntchito, ndikafika pa Msika wa Tsoka katumba amamanga ngati wina wamukulunga ndi chingwe n'kukoka. Ndimaima n'kumanamizira kuyang'ana nsapato za kaunjika mpaka atamasuka. Ogulitsa andizolowera, amati, "Afika madala aja oyang'ana osagula." Pa makina n'chimodzimodzi, ndikapalasa kwa kanthawi ndimayenera kupumira pakati pa msoko. Zikundidetsa nkhawa chifukwa mwendo umenewu ndi umene wakhala ukutidyetsa, ndipo ine ntchito ina sindiidziwa.

Amayi ako usawauze. Adzayamba kundipaka zinthu ndi kuuza mpanda wonse.

Undiuzenso ngati ukudya mokwanira, komanso ngati jekete ija ndinakusokera sikuthina m'mapewa.

Ine bambo ako,
Abdulwahab


Johannesburg
28 Januwale 2024

Okondedwa Ababa,

Wa alaikumu salamu. Kalata yanu ndailandira, ndipo a Goliati anakana kuchoka ndisanawapatse tiyi. Ine ndili bwino. Jekete ikukwana, anzanga sakhulupirira kuti sinagulidwe m'sitolo.

Ndiyese kufotokoza. Mnofu ukamagwira ntchito umadya shuga. Ukamagwira mwamphamvu umaphwanya shugayo mofulumira, ndipo pamatuluka chinthu chotchedwa lakiteti. Ndi m'bale wake wa chinthu chija chimene chimawawasitsa mkaka kuti ukhale chambiko. Kale anthu ankati lakiteti ndi zinyalala chabe. Tsopano tikudziwa kuti ndi chakudya. Mtima umamudya, ubongo umamudya, ndipo chiwindi chimamubweza n'kukhalanso shuga.

Koma mnofu unamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo lakiteti sadutsa bwino yekha pakhoma la kachipinda. Pakhomapo pamakhala timapuloteni tomwe ntchito yake ndi kumunyamula n'kumuolotsa. Ganizirani anyamata a mawilibala a kumsika, ena otulutsa katundu m'sitolo, ena olowetsa. Ine ndimaphunzira mitundu iwiri ya onyamulawa. Otchedwa MCT4 kwambiri ndi otulutsa, ndipo amachuluka m'mnofu woyera wa mphamvu za kanthawi kochepa, wonga chidali cha nkhuku. Otchedwa MCT1 amachuluka mumtima ndi m'mnofu wofiira wosatopa msanga, wonga ntchafu ya nkhuku ya kumudzi yoyenda tsiku lonse, ndipo kumeneko amalowetsa lakiteti kuti adyedwe.

Kuntchito kwathu kumabwera anthu opalasa njinga. Amapalasa njinga yosayenda, ine n'kumawabaya pang'ono kukhutu kuti ndiyeze lakiteti m'magazi. Kenako dokotala wathu amatenga kamnofu ka pantchafu kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo ine ndimafufuza kuti onyamula alimo ochuluka bwanji. Munthu akamalimbitsa thupi masabata angapo, onyamulawa amachuluka, ndiye satopa msanga. Ine ndikufuna kudziwa chimene chimauza thupi kuti liwaonjezere.

A Mukhtar muwauze kuti n'zoona ndimangoliyang'ana thupi, koma akafuna abweretse ntchafu yawo tione ngati mulimo onyamula kapena onse anapuma pantchito.

Za mwendo wanu, Ababa, kutentha kwa mnofu pogwira ntchito komwe kumatha munthu akapuma nthawi zambiri si koopsa. Opalasa athu onse amakudandaula. Koma ine si dokotala wa odwala, ndiye kukapitirira mukaonane ndi achipatala.

Mupereke moni kwa Amayi. Dzinolo akazule basi.

Mwana wanu,
Suhaila


Area 4, Lilongwe
18 Febuluwale 2024

Mwana wanga Suhaila,

Asalamu alaikumu. Ndikufuna kumva za moyo wako. Kuno tilipo. Amayi ako akana kuzula dzino, akuti latonthola lokha.

Kalata yako ndinaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo pofunika ndinalembapo mzere ndi choko chosokera. Lachisanu ndinawafotokozera a Mukhtar zonse, za chidali ndi ntchafu ndi mawilibala. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mwana wanu anapita ku Joni kukaphunzira za chambiko? Bwenzi atangopita ku Dedza kwa a ng'ombe." Koma madzulo anabwera pakhonde okha n'kufunsa ngati n'zoona kuti ubongo umadya zimenezo. Ndinawauza kuti n'zoona, kwa amene ali nawo.

Tsopano za mwendo. Ndathokoza chifukwa wandichotsa mantha. Unalemba kuti kupweteka komwe kumatha munthu akapuma si koopsa. Ndinayesa mosamala masiku angapo, ndipo kwanga kumathadi ndikaima. Ndiye ndazindikira kuti vuto langa ndi chambiko chimenechi, ndipo onyamula anga achepa chifukwa cha ukalamba. Unalembanso kuti amachuluka munthu akamalimbikira. Choncho ndasiya kupumira pakati pa msoko. Katumba akamanga ndimaluma mano n'kupitiriza. Masana anzanga akamadya, ine ndimachotsa ulusi n'kumapalasa makina opanda nsalu ndi mwendo wamanzere wokha, ngati opalasa njinga yosayenda ako aja. A Abdulaziz amati ndikusoka malaya a mizimu.

Koma pali zina zimene sizili m'kalata yako, ndiye ndizilemba mwadongosolo kuti undiuze ngati zimachitikanso kwa anthu ako. Phazi lamanzere limazizira ngakhale kunja kukutentha, ndipo ndayamba kuvala sokosi. Ndinayeza akatumba onse ndi tepi, wamanzere wachepa pafupifupi inchi. Ubweya wa pamwendopo unathothoka. Ndikagona zala zimayaka moto, ndipo zimaleka pokhapokha nditalendewetsa mwendo pansi pa bedi. Pamenepa ndasokonezeka, chifukwa pogona sindigwira ntchito, nanga chambikocho chikuchokera kuti? Kapena n'chotsalira cha masana chimene onyamula sanamalize?

Komanso powenga zikhadabo ndinadzicheka pang'ono pachala chachikulu. Ndi kabala kochepa, koma sikakupola, ndipo m'mbali mwake mwada. Ndimatsuka ndi madzi amchere n'kumanga ndi kansalu koyera. Udhu, kusamba kwa pokaswali kuja, ndimapangira kuseri kwa nyumba kuti amayi ako asaone.

Zachipatala sindinaiwale. Ndidzapita Idi ikatha. Ramadhani yayandikira, nsalu za mikanjo zayamba kale kuunjikana, ndipo kuchipatala munthu amataya tsiku lonse pamzere. Anthu sangapite ku swala ya Idi ndi nsalu yosasoka chifukwa cha chala cha telala.

Funso langa lalikulu ndi ili: onyamulawa amatenga nthawi yaitali bwanji kuti achuluke mwa munthu wa msinkhu wanga? Ndatopa, mwana wanga, koma ndikadziwa nthawi yake ndipirira.

A Goliati anyamuka mawa. Undiyankhe msanga.

Bambo ako,
Abdulwahab


Johannesburg
17 Malichi 2024

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu, ndipo Ramadhani ikuyendereni bwino inu ndi Amayi. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa geni wa ku Area 2 amene akukwera basi mawa, chifukwa a Goliati sindikuwaona ndipo foni yawo siikugwira.

Simunandiyankhe. Tsiku lililonse ndimafunsa mlonda wa pageti ngati pabwera kalata, mpaka wayamba kugwedeza mutu ndisanatsegule pakamwa. Kapena ndinakutopetsani ndi mawilibala anga? Kapena nthabwala ija ya a Mukhtar inapitirira? Ngati ndinalakwa mundikhululukire. Ndinasangalala kwambiri kuti mwandifunsa za ntchito yanga, moti ndinalemba ngati ndikuyankha mayeso.

Chomwe chinanditonthoza ndi mawu anu a pa foni sabata yatha. Nditafunsa mochenjera kuti nkhani yaing'ono ija ili bwanji, munati, "Ndikutsatira malangizo." Ndiye kuti munapita kuchipatala. Mwachita bwino. Anakupatsani mankhwala anji?

Kuno ndatopa. Magetsi anazima nthawi yaitali, jenereta inakana kulira, ndipo timinofu tina timene tinasunga mufiriji tinaonongeka. Ntchito ya miyezi iwiri yapita choncho. Ndiyenera kupemphanso anthu aja kuti abwere adzabayidwe kachiwiri, ndipo mmodzi wanena kale kuti ntchafu yake si golosale. Ndimaima tsiku lonse ndili pa swaumu, osadya osamwa, madzulo n'kumasulira ndekha ndi buledi ndi zipatso za tende m'kachipinda kanga. Ndimakumbukira futali wa Amayi, ndi inu mukulowa ndi ulusi m'ndevu, Amayi akukalipa kuti musambe kaye m'manja.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati zimenezi zidzathandize munthu ndi mmodzi yemwe. Koma musadandaule, ndi njala ikuyankhula.

Musadzipanikize ndi mikanjo ya Idi. Mundilembere, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Suhaila


Johannesburg
27 Malichi 2024

Amayi,

Asalamu alaikumu. Kalatayi ndaijambula n'kutumiza pa foni yanu chifukwa singadikire thiraki. Muiwerenge pompano, kenako mukawapatse Ababa awerenge okha. Mukuwadziwa, mawu apakamwa amangowamva, amakhulupirira zolembedwa.

A Goliati afika lero. Thiraki yawo inafera kupitirira Tete, ndipo anakhala kumeneko mwezi wathunthu kudikira chitsulo. Kalata ya Ababa ya mwezi watha inali m'galimotomo nthawi yonseyi. Nditaiwerenga ndinawaimbira, koma anangoti, "Ndili bwino, ndili ndi kasitomala," n'kudula.

Amayi, Ababa akudwala mwendo wamanzere ndipo akhala akukubisirani. Anandiuza kuti ndisakuuzeni, koma ndikuphwanya lonjezolo. Ali ndi bala pachala chachikulu lomwe silikupola. Avuleni sokosi muone. Ndamuwerengera kalatayo dokotala amene timagwira naye ntchito. Sanadikire kuti ndimalize. Akuti zimenezi ndi zizindikiro zakuti magazi sakufika bwino kuphazi, ndipo apite kuchipatala chachikulu lero, osati mawa, akawayezenso shuga. Akuti akachedwa akhoza kutaya mwendo.

Ababa, tsopano ndikuyankhula ndi inu. Si chambiko. Chonde lekani kupalasa. Ine ndinakufotokozerani za anthu amphamvu amene mitsempha yawo ndi yotseguka. Onyamula aja amangoolotsa lakiteti pakhoma la kachipinda, koma chimene chimabweretsa mpweya ndi chakudya kuphazi, n'kuchotsa zotsalira, ndi magazi. Magazi akapanda kufika, ngakhale onyamula atachuluka bwanji, mnofu umafa. Funso lanu lija munafunsa bwino, loti chambiko chichokera kuti munthu ali gone. Yankho lake ndi lakuti ululu umenewo si wa ntchito, ndi phazi likulira njala.

Musanene za swaumu. Wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza pambuyo, munandiphunzitsa ndinu. Musanenenso za mikanjo. Mundikwiyire mmene mungafunire, koma mundikwiyire muli kuchipatala.

Amayi, mundiimbire mukangofika.

Suhaila


Area 4, Lilongwe
6 Epulo 2024

Suhaila mwana wanga,

Wa alaikumu salamu. Uli bwanji? Ukudya? Pa foni timangolira tonse awiri osamvana, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere zonse mmene zinayendera. Zolemba zanga n'zokhotakhota, upirire.

Nditawerenga uthenga wako ndinasiya mphika pamoto, a neba ndi amene anaphula. Ndinakawapeza abambo ako pakhonde akusoka mkanjo woyera, thukuta kamukamu. Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, anabwereranso pamwamba, kenako anati, "Ndamva. Tipita Idi ikatha."

Ndinati, "Vulani sokosi."

Iwo anati, "Mayi, pano ndi pantchito."

Ndinati, "Muvula nokha kapena ndikuvuleni pamaso pa makasitomala?"

Anangoweramitsa mutu n'kuyamba kupalasanso ngati palibe munthu. Ndiye ndinagwada, ndinagwira gudumu, ndinachotsa lamba wa makina uja n'kumuika m'chikwama changa. Anapalasa kawiri, singano osayenda. Anandiyang'ana ngati ndawalanda mwana.

A Mukhtar anali pomwepo kudikira mkanjo wawo. Anati, "Achimwene, vulani. Ife tonse tili ndi zala zoipa, palibe amene adzatenge mphotho." Atavula, a Mukhtar anasiya nthabwala. Chalacho chinali chakuda bii, china choyandikana nacho chitayambanso, ndipo fungo lake sindilemba. Ine zaka zonsezi ndimagona pambali pa munthu ameneyu, ndimaganiza kuti sokosi n'zaukalamba. A Mukhtar anathamanga okha kukaitana galimoto, munthu woti ngakhale mvula siimuthamangitsa.

M'galimoto abambo ako ankangonena za nsalu, kuti ya uje ndi ya kolala yoimirira, ya uje matumba awiri. A Mukhtar anati, "Khalani chete, nsalu sizidulidwa mwendo." Madzulo ake a Mukhtar anazigawa kwa matelala ena, ndipo onse analandira, ngakhale uja abambo ako amakangana naye za malo.

Kuchipatala anapeza shuga wokwera kwambiri, amene sitinkamudziwa, komanso akuti mitsempha ya magazi ya m'mwendomo yaphinjika. Achotsa chala chachikulu ndi chinzake. Adokotala anena mosabisa kuti tsopano tidikire. Bala likapola, phazi latsala. Likapanda kupola, adula pansi pa bondo. M'mawa uliwonse akamamasula bandeji ine ndimayang'ana nkhope ya namwino, osati phazi.

Ndatopa, mwana wanga. Ndimaphika kuno, kukwera minibasi, kukhala pabenchi, kubwerera. Chakudya chimene akuwalola ndi chopanda shuga, ndipo amachiyang'ana ngati ndawabweretsera utuchi.

Wafunsa chifukwa chake sakulandira foni yako. Akuti unawaulula. Ndinawauza kuti akadapanda kuululidwa bwenzi tikuwaulula ndi nsalu yoyera ya maliro. Koma kalata yako ija ya nkhuku anandituma kuti ndiwabweretsere, ili pansi pa pilo. Usadandaule nazo, ukali wawo uli ngati moto wa mapesi.

Lamba ndikadali naye m'chikwama. Amandifunsa tsiku lililonse ngati sindinamupinde.

Utipempherere.

Amayi ako,
Zubeida


Johannesburg
14 Epulo 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Idi yadutsa osamva mawu anu. Sizinachitikepo chibadwire changa.

Sindipepesa chifukwa chouza Amayi. Zimenezo ndingachitenso. Ndikupepesa chifukwa cha kalata yanga yoyamba. Munandilembera kuti mwendo umene umatidyetsa ukukuvutani, ine ndinadzaza pepala lonse ndi ntchito yanga, za mwendo wanu n'kuika mizere itatu kumapeto. Ndimakudziwani kuti mumayeza kawiri musanadule, ndipo mawu aliwonse olembedwa mumawatenga ngati muyezo. Ndinayenera kulemba mzere umodzi wokha, woti pitani kuchipatala mawa.

Kuyambira tsiku lija sindikutha kugwira ntchito. Ndikaona munthu akupalasa njinga yathu ija ndimaona inu masana pakhonde, mukupalasa makina opanda ulusi chifukwa cha mawu anga.

Ndaganiza zobwerera kumudzi. Ndauza aphunzitsi anga kuti mwina ndisiya. Akuti ndiganize kaye, koma ine ndaganiza kale. Amayi sangathe okha, ndipo ngati adokotala angadule, pafunika munthu wokunyamulani ndi wofunafuna chakudya. Ntchito ya kusitolo ya mankhwala kapena yophunzitsa ndikhoza kuipeza ku Lilongwe. A Mukhtar ananena zoona, ndakhalitsa kusukulu.

Sindinyamuka musanandiyankhe, chifukwa sindikufuna kukuchitiraninso chinthu kumbali. Koma ndiyankheni, Ababa, ngakhale mondikalipira.

Mwana wanu,
Suhaila


Area 4, Lilongwe
26 Meyi 2024

Wokondedwa mwana wanga Suhaila,

Wa alaikumu salamu. Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukuvala jekete, chifukwa ndamva kuti kumeneko kwayamba kuzizira. Ndachedwa kuyankha dala. Pa foni ndinakuuza kuti udikire kalata, chifukwa sindinafune kulemba ndisanadziwe kuti ndikulemba ndili ndi mapazi angati.

Ndili nawo awiri. Bala lapola. Lachinayi adokotala analitembenuza uku ndi uku, analikanikiza, kenako anati phazi latsala. Amayi ako analira mpaka odwala ena anaganiza kuti tauzidwa zoipa. Ndikuyenda ndi ndodo, nsapato yamanzere ndaika thonje kutsogolo. Mankhwala ndi a moyo wonse, tiyi ndi wopanda shuga. Ndaonda, mathalauza anga onse ndawabweza m'chiuno.

N'zoona ndinakwiya. Munthu wamkulu kuvulidwa sokosi pakhonde, ogulitsa mafoni atazimitsa nyimbo kuti aonere bwino, si chinthu chopepuka. Koma m'chipatala pafupi ndi ine panagona bambo wina wa ku Nathenje amene anabwera mochedwa kuposa ine. Ndinkamuona akufunafuna ndi dzanja pomwe panali bondo lake. Ukali wanga unathera pamenepo.

Za kalata yako yoyamba, ndaiwerenganso mosamala ndipo sindinapezemo bodza. Ndinamufunsa dokotala wachinyamata wina ngati onyamula aja alikodi. Anadabwa kuti ndawadziwira kuti, ndinati mwana wanga ndi amene amawafufuza ku Joni. Anati aliko, ndipo mwina anga ndi ambiri ndithu, poti ndapalasa zaka zonsezi. Ndiye vuto silinali iwo. Katundu anali wopakira, onyamula analipo, koma msewu ndi umene unatsekeka. Zili ngati kalata yanga ija, yolembedwa bwino, envelopu yomata bwino, koma ili gone ku Tete.

Tsopano mvera. Usabwere. Ukabwera udzapeze chiyani, zala zanga? Anakwirira kale. Ine ndinapalasa kuti iwe ufike kumene uliko, ndipo ukasiyira panjira ndiye kuti zalazo zapita pachabe. A Mukhtar ndawauza zimene unalemba, kuti ananena zoona. Anakwiya, akuti, "Mwanayo asandinamizire, ine sindinanenepo zoona chibadwire." Akuti umalize, ntchafu yawo akusungira.

Za ntchito usade nkhawa, tapeza njira. Adokotala aletsa kuti ndikanikize phazi lodulidwalo, ndipo lamanja nalonso akuti ndilisamale. Ndiye amayi ako anabweza lamba, koma anabwera naye limodzi ndi mpando. Amakhala kuseri kwa makina moyang'anana nane, iwo n'kumapalasa chopondera, ine n'kumayendetsa nsalu. Zinthu sizinayambe bwino. Ndikati, "Pang'onopang'ono, pano ndi pakolala," iwo amathamanga ngati akuthawa galu. Ndikati, "Imani," amati, "Ndaima kale, ndinu mukukoka nsalu." Sabata yoyamba tinathyola singano zingapo ndipo thumba lina tinalisokera kumsana. Anthu amaima pamsewu kumationerera. A Mukhtar amati makina a anthu awiri koma mtengo usakwere. Pano tayamba kumvana, ndikangokweza chala cha dzanja amadziwa kuti tafika pokhota. Timaweruka titatopa tonse, koma ntchito ikutuluka.

Pomaliza pali funso, ndipo si langa. Amayi ako akudandaula kuti akatumba akuwatentha akapalasa nthawi yaitali, ndipo amaleka akapuma. Ndinawafotokozera za chidali ndi ntchafu, anati ndisawayerekeze ndi nkhuku. Koma andituma kuti ndikufunse kuti onyamulawo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti achuluke mwa munthu wa msinkhu wawo.

Usathamangire foni. Tsiku lomwe anadandaula koyamba ndinachotsa lamba n'kumuika m'thumba langa, ndipo m'mawa mwake tinali pamzere kuchipatala. Awayeza shuga, awagwira mapazi onse awiri, akuti magazi akufika mpaka kuzala. Dzino lija azulanso tsiku lomwelo.

Msewu ndi wotseguka. Tsopano ukhoza kuyankha, ndipo ulembe zambiri.

Ine bambo ako,
Abdulwahab